Vidiyo ya Amalume Awo

Ntchito yanga ndi yomasulira. Anthu amanditumizira mawu a Chinyanja, ine ndimawatembenuzira m'Chipwitikizi, nthawi zina kuchoka uko kubwera kuno. Ndimagwirira pakhomo panga ku Domwe, patebulo lomwe ana amadyerapo, ndi komputadori yakale yomwe batire lake linafa kalekale. Zolemba sizivuta, zimalowa pafoni ngati uthenga wamba. Chomwe chandimeretsa imvi ine ndi mavidiyo.

Chaka china m'dzinja, mbatata ya kachewere itangoyamba maluwa, anandiimbira foni mayi wina wa ku Portugal. Ankayankhula Chipwitikizi chothamanga, cha m'mphuno, koma anati ndi wobadwira konkuno ku Angonia. Mayi awo anamwalira panjira pothawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, iwo ali khanda. Masisitere anawatola, kenako anakakulira kwa azungu, ndipo Chinyanja sankadziwa ngakhale moni. Atakula anafufuza mpaka anapeza amalume awo, omwe anaika maliro aja okha m'tchire. Anabwera kudzawaona, anawafunsa komwe kuli mandawo, n'kujambula yankho lonse pavidiyo. Wowamasulira tsiku limenelo anali dalaivala wa ku Tete wodziwa Chinyungwe basi, ndipo zonse zomwe mkuluyo ankanena, iye ankangoti, "Akunena za nkhondo."

"Amalume akudwala kwambiri," anatero mayiwo. "Palibenso wina wodziwa malowo. Ndimasulireni msanga, kuti ngati pali chosamveka ndiwafunsenso akadali moyo."

Nkhaniyo inandikhudza, chifukwa nanenso ndinakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Dedza. Ndinati, "Mayi, musavutike. Ndiuzeni dzina la mudzi, ndikwere njinga ndikawafunse ndekha."

Anakana. Akuti ndi nkhani ya m'banja, pachibale pawo pali mikangano, mlendo akangotulukira pakhomopo anthu ayamba kuganiza zina. Akuti zonse zili m'vidiyomo, amalume anayankhula nthawi yaitali, akulozanso ndi dzanja. Ndinapempha kuti anditumizire mawu okha opanda zithunzi, chifukwa mawu ndi opepuka. Ayi, akuti ndiyenera kuona komwe dzanja likuloza. Ndinati chabwino, iduleni m'zidutswa. Akuti sadziwa kudula, ndipo sangapatse munthu wina kuti awadulire. Ndinati itumizeni pamauthenga a pafoni, imachepa yokha. Akuti kumeneko n'kosatetezeka, zinthu za m'banja zingaonedwe ndi aliyense. Koma abale! Ndani ku Domwe kuno ali ndi nthawi yoba vidiyo ya nkhalamba yodwala?

Anaiika pa intaneti n'kunditumizira linki ndi mawu achinsinsi otsegulira. Linkiyo inali yokhala sabata imodzi, kenako imafa yokha. Iwo kwawo anaikweza akumwa khofi. Ine nditaona kukula kwake ndinangogwira m'mutu.

Kwathu rede, kapena kuti netiweki, imabwera ikafuna. Pakhomo panga imapezeka pakona imodzi ya khonde, pafupi ndi khola la nkhuku, ndipo mitambo ikangoda imathawa. Ndinagula mamega a intaneti, ndinalumikiza foni ku komputadori, ndinakhala pakonapo. Kamzere kosonyeza kutsika kwa vidiyo kanayamba kuyenda, koma mayendedwe ake, nkhono ili ndi changu. Kanafika pafupi ndi pakati, magetsi anathima, komputadori yopanda batire inathima nawo. Magetsi atabwera ndinkati kapitirira pomwe kanalekera. Kanayambiranso pachiyambi! Mamega onse aja anapita m'madzi.

Mayi a ana anga ankadutsa ndi dengu kupita kumunda, akundiyang'ana cham'mbali.

"Bambo a ana, nkhukuzo zikuikira mazira kapena mukuikira ndinu?"

"Ndisiyeni, ndili pantchito."

"Ntchito yoyang'ana kamzere? Kachewere akupsa ndi chiwawu uko, wopopera palibe."

Ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake zinandiwawa. Ndinawakalipira popanda chifukwa, iwo anangoseka n'kupitirira.

Ndinaganiza zopita ku Kalomwe, kumalire, komwe rede ya ku Malawi imagwira bwino. Ndinabwereka simu kwa mnzanga wosintha ndalama, ndinapempha malo m'kagolosale ka mayi wina, pakati pa matumba a shuga ndi makatoni a sopo. Kumeneko kamzere kanathamanga, mtima wanga unakhala pansi. Malole ankalira panja, akabaza ankakangana za katundu, ine maso ali pakamzere. Katatsala pang'ono kufika kumapeto, panabwera mkulu wina wofuna kutchaja foni yake. Anayang'ana pakhoma, anaona malo onse ndi odzaza, anazula chingwe changa n'kulowetsa chake. Komputadori inangoti thii.

Mayo ine! Ndinaimirira n'kumuyang'ana.

"Achimwene, mwachita chiyani?"

"Pepanitu, ndimayesa chadzadza kale. Bwezeranipo, si ichi?"

Anandipatsa chingwecho akumwetulira, ngati wanditolera chipewa. Ndikanamufotokozera bwanji? Ndinatuluka panja kuti ndingamumenye munthu wosalakwa. Pobwerera ndinayambiranso, mvula inabwera, rede ya ku Malawi nayo inagonja. Ndinafika kunyumba nditanyowa, komputadori nditaikulunga m'pulasitiki, chimanjamanja.

Ndinayesa masiku otsatira, ku Domwe, ku Kalomwe, ngakhale ku Ulongwe kwa mnzanga wa mu ofesi ina, komwe ndinapeza makina awo saloleza kutsitsa zinthu zikuluzikulu. Tsiku lina m'mawa ndinadina linki, inandiuza kuti nthawi yake yatha. Ndinalembera mayi aja. Anayankha modabwa: "Simunaitsitsebe? Kuno zimatenga kanthawi kochepa." Ndinalemba yankho lalitali, lotentha, lofotokoza kuti kuno si uko. Ndinalifufuta, chifukwa mayiwo sanali kundinyoza, ankangosadziwa. Ndinawapemphanso dzina la mudzi. Anati ndidikire kaye, aganizire, afunse msuweni wawo wina. Anatumiza linki yatsopano, yofanana ndi yoyamba ija, yolemera chimodzimodzi.

Pamenepo ndinawauza mosapsatira. Ndinati, "Mayi, vidiyo imeneyi pamphepo sidzafika. Iikeni pafulashi, mupatse munthu wobwera kuno aike m'thumba."

Anavomera, ngakhale monyinyirika. Anapeza mayi wina wopita ku Maputo. Ku Maputo fulashi inagona m'chikwama masiku angapo kudikira wopita ku Tete. Ku Tete inapatsidwa kwa kondakitala wa shapa, maminibasi athu aja, yemwe anaiwala n'kubwerera nayo, kenako galimoto yake inafera panjira. Ndinkamuimbira tsiku lililonse. "Mawa, bwana, mawa ndithu." Ndinafika pomudziwa mawu ake kuposa a m'bale wanga. Tangoganizani, vidiyo yojambulidwa m'mapiri omwewa inakwera ndege kupita kwa azungu, ndipo kuti ibwerere kwawo inkayenda ngati thumba la nyemba.

Fulashi ili m'njira choncho, mayi aja anagonja n'kunditumizira dzina la mudzi. Unali kuseri kwa Fonte Boa, ulendo wa theka la tsiku panjinga. Ndinapsa mtima kwambiri, chifukwa mudziwo ndinkaudziwa, ndinaphunzira sukulu ndi anyamata a kumeneko. Ndinapopa njinga, ndinauza mayi a ana kuti ndilawira m'mawa. Madzulo omwewo, ndikumanga kabotolo ka madzi pakaliyala, foni inalira. Anali mayi a ku Portugal aja: msuweni uja anali atawadziwitsa kuti amalume atisiya masana.

Sindinapite. Ndikanakafunsa ndani?

Mayiwo ankalira pafoni, komabe anali ndi chogwirira. "Mwamwayi vidiyo ilipo," anatero. "Zonse ananena momwemo."

Fulashi inafika maliro atapita kale, itakulungidwa m'kapepala kokhala ndi mafuta. Ndinailowetsa, inatseguka nthawi yomweyo, popanda kamzere, popanda kudikira. Ndinaona mkulu woonda atakhala pampando wamatabwa pakhonde, atavala jekete lalikulu, akutsokomola. Mayi aja anakhala pamphasa pambali pake. Ndinayika zomvera m'makutu n'kuyamba kulemba.

Mkuluyo anafotokoza zambiri. Mmene anachokera m'mudzi, mmene mlongo wake anadwalira panjira, mmene iye anabereka khandalo kumsana ndi nsalu ya malemuyo. Sanali munthu wokometsa nkhani, ankayankhula mwachidule, akuyang'ana pansi. Ndinalemba zonse, ndikudikira pofika pamanda. Mayi aja anafunsa m'Chipwitikizi, dalaivala anayesa kupotoza m'Chinyungwe, mkuluyo anamva. Anakweza dzanja n'kuloza kumapiri. M'chithunzimo munkangooneka denga la nkhokwe ndi mitambo.

"Ndi uko," anatero. "Koma pakamwa sindingathe kukufotokozera, mwana wanga. Mitengo anadula, njira zinasintha, pena analimapo. Miyendo yangayi ndiyo ikudziwa. Ugone konkuno, mawa m'mawa tinyamukire limodzi. Ndikayenda pang'onopang'ono ndikafika. Ndikakuonetsa mayi ako."

Mayi aja anayang'ana kwa dalaivala. Dalaivala anati, "Akunena za nkhondo." Iwo anagwedeza mutu akumwetulira, anagwira dzanja la mkuluyo n'kuthokoza.

Mkuluyo anabwereza. "Wamva? Mawa m'mawa."

Anagwedezanso mutu. Kenako anaimirira, anapukuta siketi, chithunzi chinagwedera, panamveka chitseko cha galimoto. Vidiyo inathera pomwepo.

Ndinaibwezera m'mbuyo kangapo, ndikuganiza kuti mwina patchulidwa mtsinje, mwala, dzina la mwini munda. Panalibe. Ndinavula zomvera, ndinatuluka panja, ndinatukwana mokweza mpaka nkhuku zinabalalika. Ndinatukwana rede, magetsi, kondakitala, mkulu wa chingwe uja, dalaivala, ngakhale mayiwo ndi zinsinsi zawo. Mayi a ana anatuluka m'khitchini, anandiyang'ana n'kubwereramo.

Womasulira sawonjezera, sachotsera. Ndinalemba mawu a mkuluyo m'Chipwitikizi monga momwe anawanenera, mpaka "Wamva?" yemwe, n'kutumiza. Sipanapite nthawi, foni inalira. Anali mayi aja.

"Ananena kuti ndigone?"

"Eya, mayi."

"Ndiye kuti m'mawa mwake anandidikira?"

Ndinati zimenezo m'vidiyomo mulibe.