Liwu limodzi limene ndinafufuta

Ndili mphunzitsi pa sukulu ya mishoni cha ku Chisepo, ndinatola buku lachingerezi lopanda chikuto, chiswe chitadya masamba omaliza. Linali la mtsikana wokondana ndi mwamuna wodabwitsa wa m'chinyumba chakale. Poti mapeto panalibe, ndinapeka anga, n'kulisandutsa sewero.

Chinyumbacho ndinachiika pa esiteti ya fodya. Mwamunayo ndinamupatsa limba lamatsenga: akaliza, mawu a mtsikana aliyense womukonda amalowa m'limbamo, n'kumayimbira iye yekha. Munthuyo sankafa, ndiye ndinamutcha Wamuyaya, poganiza za liwu la kutchalitchi basi.

Ahedi atawerenga, anandiitanitsa.

"Aphunzitsi, mutu ukuyenda bwino? Wamuyaya m'dziko muno alipo mmodzi, ndipo kundende ya ku Dzaleka si kutali. Otchani."

Apo m'pamene maso ananditseguka. Amayi tinkakwezedwa malole kukayimbira ndi kuvinira Pulezidenti Wamuyaya, inenso ndinapitako kangapo, koma polemba sizinandifike m'mutu. Mantha ndinachita, ndisaname, mwana wanga anali akadali kubere. Koma makani ndinabadwa nawo, ndipo atsikana anga anali atayeserera miyezi iwiri. Kuotcha ndinakana. Ndinafufuta liwu limodzi lokhalo n'kulembapo Mzungu, zina zonse n'kuzisiya mmene zinalili.

Tsiku la sewero atcheyamani a chipani anakhala kutsogolo, chipewa pabondo. Anandikodola.

"Mayi, ndamva kuti dzina linasintha. Walimbayu ndi ndani kwenikweni?"

"Mzungu wa m'buku, bwana. Kapena mwaona wina wofanana naye?"

Anatembenukira kutsogolo, sewero n'kuyamba.

Kumapeto kwa sewero, Mzungu analiza limba n'kulamula wokondedwa wake kuti ayimbe. Mtsikanayo, chikondi chili pomwepo, ananyamula musi n'kuliphwanya limba lathu la makatoni, mawu onse n'kubwerera kwa eni ake. Atsikana khumi anayamba nyimbo ya pamtondo, yosatamanda munthu aliyense.

Amayi kumbuyo anayimba nthungululu osalekeza. Atcheyamani anacheuka, n'kupeza kuti akazi awo ndiwo akutsogolera. Kukwiya kukanakhala kuvomera kuti munthuyo amuzindikira. Anaika chipewa pansi, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono, maso ali pa ine.

Ndinatuluka kukayamwitsa mwana kuseri kwa kalasi. Lolemba ndinalowa m'kalasi ngati masiku onse.