Mpeni wanu wa ku Joni

Bambo, lero pa Lizulu wogulitsa wina anandiumirira kuti ndigule mpeni wopinda, akuti ndi wotchipa. Ndinangotulutsa wanu uja m'thumba, umene munabwera nawo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Anautsegula, kuuyesa ndi chala, basi sanandivutitsenso.

Ndinakumbuka tsiku lija mumamezanitsa pichesi kuseri kwa nyumba. Amayi anali asanaphwe mtima. "Bambo a Tadala, ndalama ya bulangete lathunthu kuthera pa kampeni kameneka?" Inu munangosonga kanthambi kamodzi n'kamodzi, osabwereza, kenaka munandipatsa mpeniwo kuti ndiyese. "Gwira bwino, Tadala. Mpeni wobuntha umapha mtengo."

Patha zaka zisanu chitisiyireni. Chigwiriro chinasuluka, koma mpeniwo ukudulabe ngati lumo, ndipo chaka chino ndamezanitsira mitengo inayi, yonse yagwira. Pichesi wanu uja wachita maluwa mpaka kunsonga. Amayi akabwereka mpeniwo masiku ano sabweza msanga. Dzulo akusenda mbatatesi ananena okha kuti bulangete likanang'ambika kalekale. Pumulani mumtendere, Bambo, mlandu uja mwawina.