Diresi Limene Mayi Ameni Anapsereza

Dzina lawo lenileni ndi ochepa ankalidziwa. Onse ankangoti Mayi Ameni, chifukwa abusa akamaliza pemphero, ameni wawo ankatulukira pawindo mpaka kumsewu. Anagwira ntchito yosita zaka makumi awiri ndi ziwiri m'shopu ina yochapa ndi kusita zovala, ndipo dzanja lawo lamanja linali zipsera zokhazokha. Kutchalitchi ankatsogolera mapemphero a amayi. Munthu akadwala ankaitanidwa ndi iwo, banja likagwedezeka ankaitanidwanso iwo. Tisabise, ankadzimva ngati iwo ndi Mulungu amadyera mbale imodzi.

Tsiku lina m'shopumo munabwera diresi la ukwati, loyera mbee, la nsalu yoterera imene sifuna simbi yotentha kwambiri. Bwana analipereka kwa make mapasa, mayi wamasiye wofatsa amene ankasita patebulo loyandikana ndi lawo. Make mapasa atatuluka kukatenga mahang'ala, Mayi Ameni anaona makwinya pang'ono pachifuwa pa diresilo. Ankati athandize, komanso ankafuna kuonetsa kuti katswiri ndi ndani. Anaikapo simbi yawo, imene inali itangochoka pa thalauza la jinzi. Nsalu inanyala nthawi yomweyo, n'kusiya bowo lolowa zala zitatu. Anabwerera patebulo pawo mwakachetechete n'kuyamba kuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi.

Bwana ataona anakalipa mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Make mapasa analumbira akulira kuti anali asanalikhudze ndi simbi. Kenako bwana anatembenuka.

"Mayi Ameni, inu simunama. Mwaona chiyani?"

"Ine ndinali pa zanga, bwana. Sindinaone kanthu."

Make mapasa anachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Bwanayo anali wapakamwa, moti pofika kumapeto kwa mwezi mashopu onse a m'deralo anali atamva kuti mayiyo ndi wosasamala komanso wabodza. Palibe anamulemba. Anayamba kuyenda khomo ndi khomo kupempha zochapa.

Miyezi isanu ndi itatu Mayi Ameni anapitiriza kutsogolera mapemphero. Mawu ankatuluka bwinobwino, amayi ankagwetsa misozi, koma iwo ankadziwa kuti ndi pakamwa pokha pakugwira ntchito. Akagwada kunyumba ankangomva fungo la nsalu yopserera. Anayesa kusala kudya. Anayesa kutumiza sopo ndi shuga kwa make mapasa kudzera mwa munthu wina, koma mtima sunatsike. Mpaka anakwiyira Mulungu amene, amvekere zaka zonsezi ndikukutumikirani, kabodza kamodzi kokha mukundisowetsa nako mtendere chonchi?

M'mawa wina akupita kuntchito anakumana ndi make mapasa atasenza mtolo wa zochapa za eni, ataonda, chitenje chikuzungulira kawiri. Mayiyo anawapatsa moni mwaulemu n'kunena kuti, "Amayi, muzindikumbukirako m'mapemphero. Anu aja Mulungu amamva." Bola akanangowamenya mbama.

Anayamba ndi kuuza mwamuna wawo zoona zake za diresi lija. Bamboyo anamvetsera n'kupukusa mutu. "Zinatha kale izi. Mukaulula tidya chiyani pano? Lapani mumtima, Mulungu si wogontha."

Anapita kwa mkulu wa mpingo, amene anayamba watseka chitseko asanayankhe. "Mayi, mpingo uli ndi mbiri yake. Anthu akamva kuti wotsogolera mapemphero anachita zotere, atiseka tonse. Tiyeni tipemphere, zithere m'chipinda muno."

"Abambo," anatero Mayi Ameni, "bodzalo sindinanenere m'chipinda muno. Ndinanenera pagulu, ndipo mnzanga anachita manyazi pagulu. Mukufuna ine ndilapire kuseri kwa chitseko iye akusenzabe mitolo pamsewu? Zimenezo ndakana."

Lolemba analowa m'shopu, epuloni osavala n'komwe. Anaima pakauntala makasitomala atatu ali pamzere, antchito onse akumva.

"Bwana, diresi lija ndinapsereza ndine. Make mapasa sanalikhudze. Munandifunsa, ndinakunamizani."

Bwana anayesa kuwakokera mu ofesi koma iwo sanasunthe. Anabwereza mokweza kuti ndi ochapa a kuseri omwe amve. Ntchito yawo inathera pomwepo. Potuluka anati, "Tebulo langa latsala lopanda munthu. Woyenera kuimapo mukumudziwa, ndipo ndizibwera tsiku lililonse kudzakukumbutsani."

Ndipo ankabweradi. Bwana akamatsegula m'mawa ankawapeza ali chilili pakhomo. "Mwadzuka bwanji, bwana? Mwamuitana?" Akachoka apo ankalowa m'mashopu amene anamva bodza lija, imodziimodzi, kukadzinenera okha kuti wosasamala ndi wabodza uja ndi iwo.

Kutchalitchi anawachotsa paudindo. Amayi amene ankalira ndi mapemphero awo anayamba kusuntha pabenchi iwo akakhala. Ambiri ankayembekezera kuti asamukira mpingo wina monga amachitira ena. Koma Lamulungu lililonse ankalawirira n'kukhala pamalo awo akale, kutsogolo kwenikweni. Mayi wina atawanong'oneza kuti anthu ochimwa amakhala kumbuyo, anayankha osanong'ona.

"Ndiye kutsogolo kuno kukhala ndani? Ine ndabwera kwa Yesu, osati kwa inu. Kale ndinkabwera ngati ndikudzamuthandiza, pano ndabwera kuti andithandize. Tasunthani pang'ono."

Patatha masabata asanu ndi limodzi bwana anagonja, kaya chifukwa cha chilungamo kaya kutopa ndi moni uja, akudziwa yekha. Make mapasa anaitanidwa n'kupatsidwa tebulo la Mayi Ameni. Iwo anapita kunyumba kwake kukapepesa. Mayiyo anamvetsera ali chiimire pakhomo, osawapatsa mpando.

"Miyezi isanu ndi itatu, amayi. Ana anga ankagona ndi njala inu mukuimba."

Anatseka chitseko, ndipo Mayi Ameni sanagogodenso, poti panalibe bodza m'mawuwo.

Masiku ano amasitira pakhonde pawo ndi simbi yamakala, mayunifolomu a ana asukulu ndi malaya a maneba. Mapemphero awo anafupika. Nthawi zina amangoti, "Ambuye, mukundidziwa," basi, n'kudzuka kukakoleza makala. Amati Mulungu amene akumupembedza tsopano ndi amene anawaona akupsereza diresi koma osawataya, ndipo ameneyo palibe angawalande.

Njira ya make mapasa yopita kuntchito imadutsa pakhonde pomwepo. Amadutsa atayang'ana kumbali, epuloni yopinda ili m'khwapa, ndipo mpaka lero sanawapatsenso moni. Zimawawawa, sabisa. Tsiku lina mwamuna wawo, atakhala pampando ndi kapu ya tiyi, analephera kupirira.

"Mwaona? Ntchito munataya, udindo munataya, ndi moni womwe sakupatsani."

Mayi Ameni anaimika simbi n'kumuyang'ana mayi uja mpaka atakhota pakona.

"Sindinapemphe moni ine. Ndinapempha kuti abwerere kuntchito. Tamuonani, akupita."