Kabichi wa Ana a Koleji

Kwathu kuno, m'munsi mwa phiri la Chongoni, za kudimba sitinkayendera mitambo ayi. Tinkayendera geti la koleji. Ophunzira akamapakira zikwama kupita kutchuthi, ife tinkathamangira kukawokera mbande, kuti pobwerako adzapeze kabichi atamanga mitu. Musaseke, mudzi wonse unkadyera pamenepo. Wometa, wakabaza, amayi a chiwaya cha tchipisi, a tizipinda ta lendi kuseri kwa nyumba, tonse maso anali pa ana a eni akewo.

Iwo akachoka, malo ankangoti zii. Apo m'pomwe unkaona bwino otsalafe: nkhalamba, ana ndi ife azimayi. Abambo a msinkhu wa amuna anga anali atatha psiti, ena ku Lilongwe, ena ku Mozambique, ambiri ku Joni. Kutchalitchi, mbali ya abambo inali mabenchi okhaokha. Pakagwa maliro, okumba manda tinkachita kukapempha kumudzi wina.

Ine amuna anga ndinali nawobe, ndipo sindinkafuna kumva za ulendo. Koma msuweni wawo wa ku Joni sankatopa kuimba foni, ati malo alipo. Munthu ameneyo ndinkadana naye, ndinene zoona.

"Bambo a ana," ndinawauza tsiku lina, "tiyese ulendo uno wokha. Kabichi akayenda bwino, nkhani ya Joniyi ithere pompo."

"Chabwino," anayankha motsitsa mawu. "Koma zikakanika, musadzandiletsenso."

Ndinavomera msangamsanga, poti ndinkadziwa kuti koleji sinalepherepo kutsegula.

Tinagwira ntchito, abale inu! Chisanu cha Juni cha kuno mukuchidziwa. M'mamawa madzi a m'chitsime ankaluma zala, mapazi kung'ambika, koma makheni othirira sitinawatule. Ndipo kabichi anatimvera. Mitu yake inali yoti mwana sanganyamule ndi dzanja limodzi. Ndinkayenda m'mudzi modzimva, ngati ndapambana mlandu.

Sabata yotsegulira inafika, geti lili chitsekere. Ina inadutsanso. Ndinapita kukafunsa alonda a pageti, bambo achikulire amene tinkapemphera nawo.

"Mayi, akuti asintha masiku otsegulira," anatero. "Liti, nanenso sindikudziwa. Ndangomva ngati inu nomwe."

Nanga wa kudimba angamuuze ndani? Ndinkafuna munthu woti ndimukalipire, koma panalibe. Alondawo nawonso kabichi wawo anali m'dimba.

Vuto lake, mudzi wonse unawokera sabata imodzi. Tinanyamula matumba panjinga kupita kumsika wa pa Boma, n'kukapeza anzathu a kwathu omwe atakhala kuseri kwa milu yawo, tikuyang'anana. Mavenda a mumsewu ankangogwedeza mutu n'kudutsa. Kabichi sadikira munthu. Mitu inayamba kuphulika m'dimba momwemo. Wina tinafutsa, wina tinapatsa nkhumba za aneba mpaka nazo zinayamba kumukana. Wotsalayo anawola, fungo lake n'kumafika pakhomo.

Amuna anga anangoyamba kufolera denga pomwe pankadontha. Anamanganso mpanda wa bafa, n'kuwaza nkhuni zambiri zoti sitingamalize msanga. Ndinkaona zonsezo, mtima ukuwawa, koma pakamwa ndinali nditadzitseka ndekha.

Tsiku la ulendo ndinawaperekeza kumsewu waukulu, chikwama ndili nacho pamutu. Tikudikira, minibasi ina inaima, n'kutsikamo anyamata ndi atsikana, masutikesi ndi matiresi awo. Ophunzira! Akabaza anawathamangira akukuwa ndi chimwemwe.

Ndinawagwira mkono amuna anga. "Taonani, abwera! Si awa abwera?"

Anawayang'ana anawo, kenako anayang'ana ine.

"Abweradi, mayi a ana. Nanga kudimba kwatsala chiyani choti tiwagulitse?"

Anandilandira chikwama chija pamutu, n'kukwera minibasi yomweyo, pampando umene wophunzira wina anali atangochokapo.