Tsiku Limene Ndinaimba mu Chipaipi cha Pansi pa Paki

Titangosamukira ku Sparkhill, kutsidya kwa nyanja, ine ndinkagwira ntchito ya unamwino, ndipo amuna anga analembedwa pakampani ina yoika mapaipi a zonyansa. Ku Malawi anali mphunzitsi, choncho ndinkaganiza kuti azichita manyazi. Koma ayi ndithu, ankabwera kunyumba ali matope okhaokha, nkhani zili pakamwa.

"Mayi, mukudziwa chifukwa chake kamtsinje ka kupaki kamanunkha mvula ikagwa?" anandifunsa tsiku lina ndikusita yunifomu.

Anandifotokozera kuti m'dera lathulo madzi a mvula ndi a m'zimbudzi amayenda mu paipi imodzi. Ikadzaza, otsalawo amasefukira mumtsinje. Oipitsitsa ndi oyambirira, chifukwa amakokolola zonse zimene zinadikha mu paipimo kukuwala dzuwa. Amuna angawo ndi anzawo ankamanga chipaipi chosungira madzi oyambirirawo mpaka mvula itakata, kenako n'kuwapopera kumene amawayeretsa.

Asanalowetsemo madzi, akuluakulu a ntchitoyo analola mabanja kuti akaone. Anandiveka chipewa cholimba ndi majombo, ndipo ndinatsika makwerero. Abale inu! Ndinkayembekeza paipi yochita kukwawamo, koma munali moti basi ikhoza kudutsa. Simenti yosalala, kamphepo kozizira, magetsi ali ngwee mpaka kutali. Ndinangoti "Ee!" mawu anga n'kubwerera. Ndinalephera kupirira, ndinayambitsa nyimbo ya kukwaya kwathu. Amuna anga analandira ndi besi, anzawo a kuntchito n'kumaomba m'manja.

Patapita miyezi, Loweruka lina masana kunagwa chimvula. Amuna anga anasiya tiyi patebulo.

"Valani jekete, tiyeni!"

Tinathamanga ngati ana mpaka kupaki. Iwo anagwada pachivundikiro chachitsulo, khutu pansi, n'kundikodola. Nanenso ndinagwada. Pansipo madzi ankalindima, chipaipi chija chikudzaza.

Kenako tinapita pamene paipi yakale imatulukira mumtsinje. Tinadikira nthawi yaitali osatuluka kanthu. Koma mvula itakakamira, madzi anayamba kusefukira.

"Ndiye kuti chalephera?" ndinafunsa.

"Taonani mtundu wake," anatero akuseka. "Akuda bii aja atsalira mkati. Awa ambiri ndi a mvula, zonyansa zake n'zochepa."

Analidi otuwa chabe. Tinabwerera kudzera mumsewu wa Stratford Road tikulankhula mokweza, anthu a maambulera n'kumatiyang'ana. Tinagula masamusa otentha n'kudyera pakhonde la shopu, madzi akuchucha m'zovala.