Chala cha Amayi pa Tebulo la Kalaliki

Dzulo kuchipatala namwino anatsegula kabokosi ka inki yodindira. Fungo lake linandibweza ku ofesi ya boma ku Mzuzu, ndili kamtsikana kogwira chitenje cha amayi.

Masiku amenewo kwathu ku Katawa anthu ankayankhula monong'ona. Bambo wina woyandikana nafe anatengedwa pa galimoto, osabweranso, ndipo pampopi ndinamva azimayi akuti, "Awadinda kale zala." Ndinazisunga mumtima kuti wodindidwa chala sabwerera kwawo.

Tsiku limenelo tinaima pamzere kuyambira m'mawa. Kalaliki, bambo wa tayi yakuda ndi cholembera kukhutu, anakhala pakati pa mafayilo omanga ndi tizingwe. Anawawerengera amayi pepala lonse pang'onopang'ono, kenako anati, "Mama, bweretsani chala."

Ndinakuwa, n'kukakamira dzanja la amayi. "Musawatenge! Sanalakwe!"

Mawu otere sankanenedwa pansi pa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Amayi anangouma.

Kalaliki anasuzumira kukhomo, kenako anaseka mokweza kuti aliyense amve. "Mwana uyu akuopa inki chomene! Iwe, ili ndi pepala la puloti yanu ya ku Mzilawaingwe. Bwera, uyambe ndiwe."

Anadinda chala changa pa kapepala kotaya n'kundipatsa. Amayi anadinda chawo pa pepala lenileni, nathokoza kuti, "Yewo, adada."

Tinabwerera kunyumba tonse awiri, zala zili bii, ine ndikudzitama njira yonse kuti ndawapulumutsa amayi. Ndazindikira nditamera imvi kuti chinatipulumutsa n'kuseka kwa bambo uja.