Kusala kwa Mayi Lisnet Chikopa

Abusa akuti za Lisnet ndilembe ine m'kapepala ka mpingo, ine wothawa sukulu chifukwa cha masamu. Mundikhululukire.

Ndine azakhali ake, atete monga amanenera kuno, ngakhale tinakulira pamphasa imodzi. Ali mwana ankapempherera chakudya nthawi yaitali, ine n'kumamubera nyama atatsinzina. Akatsegula maso ankangoti, "Mwadya yodalitsika, atete."

Anakwatiwa kudera la Unit A, mwamuna n'kumwalira msanga. Ana ake anawalera pogulitsa tomato pamsika wa ku Town Centre. Loweruka ankasesa tchalitchi, ku Chigwirizano sankajomba.

Mwana wake Tinevimbo atapita ku Joni, anangoti zii, zaka n'kumapita. Lisnet analonjeza Mulungu kuti sadzadya dzuwa lisanalowe mpaka mwanayo abwere. Nthawi yomweyo mtima unayamba kumuvuta. Kuchipatala anampatsa timapiritsi toti magazi asaundane, n'kumuuza kuti azimwa atadya. Iye ankamwa m'mawa ndi madzi okha.

"Iwe Lisnet," ndinatero, "Mulungu angakwiyire kabanzi kamodzi?"

"Atete, ndinalonjeza ndine, si inu."

M'mimba munayamba kumuotcha. Chimbudzi chinada ngati phula, koma mayi wa Chigwirizano anganene zimenezo kwa yani? Anabisa. Ataonda, anthu ankati taonani mayi wa mapemphero.

Tsiku lina anagwa pamsika, akusanza magazi. Adokotala anati ndi zilonda za m'mimba, timapiritsi tija tinamupala m'kati, njala n'kuwonjezera. Anati akananena msanga akanampatsa ena oteteza m'mimba. Mawu amenewa amandiwawabe.

Tinevimbo atamva, anabwera. Anagwada pambali pa bedi, Chichewa chitamuthawa: "Mhamha, ndauya," kutanthauza kuti amayi, ndabwera.

Lisnet anamugwira kumutu n'kuitanitsa phala, dzuwa lili pamutu. Anangolawa pang'ono. Kenaka anandiyang'ana: "Ili lokha musandibere, atete."

Anamwalira mwamtendere madzulo ake, amayi a Chigwirizano akuimba.

Anapempha mwana, Mulungu anampatsa. Koma ine ndinkafuna onse awiri, mwana ndi mayi ake, tikhale pakhonde tizinyozana mpaka mano athe.

Chikhulupiriro chake tengani, abale, n'chabwino. Manyaziwo muwasiye. M'mimba mukaotcha kaneneni kuchipatala. Ndipo tsiku losala, amene mumamwa mapiritsi mundipeze kumbuyo kwa tchalitchi, mabanzi ali m'chikwama changa. Ngati ndi tchimo ndisenza ine. Ndinazolowera.